Ndalama iliyonse ili ndi dzina lake: funsani musanapereke

Adzukulu anga, inu amene mukulongedza zikwama kuti mukwere basi ya ku Joni, ndi inu amene munafika kale ndipo mwaima kuseri kwa kauntala m'mashopu a eni ake, khalani pansi ndikuuzeni za ntchito ina imene ndinagwira osaifunsira. Ndinakhala zaka zambiri ku Fordsburg, m'kashopu kokonza mafoni pafupi ndi Mint Road. Bwana wanga anali wa ku Pakistan, monga alili eni mashopu ambiri a mafoni m'dera limenelo ndi ku Mayfair. Chaka china anaitanitsa mwana wa mkulu wake kuchokera ku Karachi, mnyamata wa zaka 19, wakuthwa pa masamu, womasula foni ngati akusenda nthochi. Chingerezi chake chinali cha m'kalasi. Powerenga ankatha, koma kasitomala akayamba kuyankhula mothamanga, iye ankangomwetulira n'kuyang'ana kwa ine. Bwana anati tikatseka shopu ndizimuphunzitsa kwa theka la ola. Mnyamatayo ankanditchula kuti chacha, ndiye kuti bambo wamng'ono m'Chiurdu, chinenero chake.

Ndinayamba monga ayambira mphunzitsi aliyense: moni, masiku a sabata, kufunsa njira. Tili mkati mwa zimenezo, tsiku lina anabwera maso ali gwa, pepala lili m'manja. Anali atalipira R1 500 pa kakoleji kena m'tauni kuti aphunzire kompyuta. Ataona kuti nthawi ya makalasi ikugundana ndi nthawi ya shopu, anabwerera kukatenga ndalama yake, ndipo mayi wa pawindo anangomulozera mzere umodzi pa fomu imene anasaina yekha. Panalembedwa kuti non-refundable registration fee. Iye ankangobwereza kuti, "Chacha, I deposited my fees." Kwawo polipira sukulu amati fees jama karna, ndipo mawu akuti jama ndi omwewo amene amanena poika ndalama kubanki. M'mutu mwake ndalamayo inali itangosungidwa, ikumudikira. Usiku umenewo tinasiya za moni. Kwa miyezi itatu tinaphunzira mawu a ndalama okhaokha, ndipo ine mphunzitsi ndinatolapo zambiri kuposa wophunzira wanga.

Chimene ndinaona ndi ichi: kumene Chiurdu kapena Chichewa chimamanga zinthu zingapo mtolo umodzi, Chingerezi cha m'mapepala chimamasula mtolowo n'kupatsa nkhuni iliyonse dzina lake, ndipo ndalama ya mlendo imagwera m'mipata imeneyo.

Tinayamba ndi fee, ndipo tinaseka tonse titazindikira kuti makolo athu anabwereka mawu amodzi kwa Mngelezi mmodzi n'kuwapinda mofanana. Ife timati fizi, iwo amati fees, ndipo tonse timaitenga ngati chinthu chimodzi: fizi yakwera, fizi ndi zingati. N'chifukwa chake iye ankafunsa kuti "how much is the fees". Mwini chinenero ali ndi fee imodzi ndi fees zambiri, ndipo pa pepala la sukulu fee iliyonse imakhala ndi mawu ena kutsogolo kwake amene ndiwo ofunika. Application fee ndi yongoti alandire fomu yanu, kaya akutengani kaya ayi. Registration fee ndi yolembetsa dzina. Tuition fee ndiyo ya maphunziro enieni. Exam fee ndi ya mayeso, late fee ndi chilango cha kuchedwa kulipira. Munthu akakuuzani kuti fizi ndi mwakuti, mufunseni kuti akunena fee iti, ndipo ndi zingati zina zimene zikubwera pambuyo.

Mawu achiwiri anamuchititsa manyazi pagulu. Tsiku lina tinakwera tekisi limodzi kuchokera pa renki ya Bree Street, iye n'kufunsa dalaivala kuti, "How much is the rent?" Galimoto yonse inaphulika ndi phwete, mayi wina n'kumufunsa ngati akufuna kugona momwemo. Sanalakwe poganiza. M'Chiurdu kiraya ndi lendi ya nyumba komanso ndalama yokwerera basi. Chingerezi chimati rent pa nyumba ndi shopu, fare pa basi, sitima ndi ndege. Apa ife a Chichewa tili bwino, chifukwa lendi timaidziwa payokha, koma mukamaphunzitsa mnzanu wa Chiurdu yambirani pomwepo. Pafupi ndi fare pali fine, amene iwo amati jurmana, ife chindapusa. Chovuta n'chakuti fine yemweyo ndi amene timayankhira moni kuti tili bwino. Ndinamuuza kuti akaona fine pafupi ndi nambala, palibe chabwino pamenepo. Analinso ndi mawu ake akuti challan, amene ku Pakistan amatanthauza kapepala kolipirira fizi kubanki komanso tikiti ya apolisi a pamsewu. Iye ankayesa kuti ndi Chingerezi chifukwa kwawo amalembedwa pa mafomu a Chingerezi. Atakaanena pabanki ku Joni, wapawindo anangomuyang'ana. Wophunzira aliyense ali ndi mawu otere, amene amawayesa Chingerezi pamene ndi a kwawo kokha. Nafenso tili nawo.

Tsopano deposit, amene anandidyera inenso ndalama ndisanakumane ndi mnyamatayo. Nditangofika ku Joni ndinapeza kachipinda ku Mayfair kudzera mwa munthu wina wopezera anthu nyumba. Ndinamupatsa lendi ya mwezi ndi R800 yapamwamba, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti imeneyo ndi dipoziti, ndidzaitenga potuluka. Nditakhala chaka n'kunena kuti ndikusamuka, ananditulutsira kope la lisiti. Panalembedwa admin fee. Ndinali nditaiwerenga tsiku lomwelo, koma ndinachita manyazi kufunsa, kuopa kuoneka wakumudzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo langa linali la R800.

Deposit ali ndi nkhope zitatu. Kubanki ndi kuika ndalama mu akaunti. Pogula katundu ndi gawo loyamba la mtengo, limene limachotsedwa pa zotsala. Pa nyumba ndi chikole, ndalama yanu imene mwini nyumba amangosunga kuopa kuti mungawononge kanthu. Ku South Africa lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati mwini nyumba asunge dipozitiyo mu akaunti yobala chiwongoladzanja, ndipo ngati mwatuluka popanda ngongole kapena chowonongeka, akubwezereni pamodzi ndi chiwongoladzanjacho pasanathe masiku 7. Akakana, kuli bwalo la Rental Housing Tribunal kumene mumadandaula osalipira kanthu. Koma zonsezi zimagwira ntchito ngati pa lisiti palembedwa deposit. Pakalembedwa admin fee, agent's fee kapena booking fee, mwaigula ntchito ya munthu, ndipo ndalama yogulira sibwerera. Choncho mawu awiri amene ndinamulembetsa mnyamata uja pachikuto cha kope lake anali refundable ndi non-refundable, yobwezedwa ndi yosabwezedwa.

M'shopu momwemo munali sukulu yokwanira. Kasitomala akabweza foni amatha kulandira chimodzi mwa zinthu zingapo, ndipo mikangano yambiri imene ndinaleretsa inkachokera pa kusazisiyanitsa. Refund ndi kubwezeredwa ndalama m'manja kapena mu akaunti. Exchange ndi kusinthitsa ndi katundu wina. Credit note kapena voucher ndi kapepala koti mudzagulire china m'shopu yomweyo, ndalama osaiona. Mnyamata wathu ankangoti "we give back, no problem", kasitomala n'kumva kuti ndalama, iye akunena foni ina. Panalinso charge. M'shopu ya mafoni mawu amenewa amamveka maulendo makumi patsiku, kwina kutchaja batire, kwina kulipiritsa. Agogo ena anamufunsa kuti, "Do you charge?" Iye n'kuyankha mokondwa kuti inde, n'kutenga foni kukaiika pamagetsi, agogowo akufunsa ngati kuyang'ana foni n'kolipira. Free of charge ndiye kuti ulere, muft m'Chiurdu. Extra charge kapena surcharge ndi yowonjezera pamwamba pa mtengo umene munagwirizana.

Kulipira pang'onopang'ono anthu a Chiurdu amakudziwa bwino, gawo lililonse amalitchula qist, Chingerezi instalment. Koma ku Joni kuli njira ziwiri zosiyana. Pa lay-by katundu amatsala m'shopu mpaka mutamaliza kulipira. Pa credit mumanyamula katundu lero, ngongole n'kumakutsatani, kawirikawiri ndi chiwongoladzanja. Kenako pamabwera makalata. Tsiku lina mnyamata uja analandira uthenga wa kampani ina wonena za outstanding balance, ndipo anabwera nawo akumwetulira, chifukwa kusukulu kwawo mphunzitsi akalemba outstanding pa kope ndiye kuti wakhoza koposa. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti pa ndalama outstanding ndi ngongole imene sunalipire, baqaya m'chinenero chake. Balance pafoni ndi mayunitsi amene wakutsalira, balance pa kalata ya ngongole ndi zimene akukufuna. Due ndiye kuti tsiku lolipira lakwana, overdue lapitirira, arrears ndi ngongole ya miyezi ya m'mbuyo imene yaunjikana. Final notice ndi chenjezo lomaliza asanakudulireni magetsi kapena kukutengerani kwa maloya. Kalata yotere musaiike pansi pa matiresi poyembekeza kuti aiwala.

Pa kubwereka, Chiurdu ndi Chichewa zimayenda mofanana. Iwo amati udhaar lena ndi udhaar dena, kutenga ngongole ndi kupereka ngongole, monga ife timati kukongola ndi kukongoza, kubwereka ndi kubwereketsa, tsinde limodzi. Chingerezi chili ndi mawu awiri osafanana n'komwe, borrow ndi lend. Mumsewu wa ku Joni mudzamva anthu akuti "borrow me ten rand", ndipo aliyense amamva. Papepala ayi. Borrower ndi wokongola, lender ndi wokongoza, ndipo kusaina pa mzere wolakwika si nkhani yoseketsa. Choopsa kwambiri ndi surety kapena guarantor. Mnzanu akati mungomusainira ngati mboni, werengani. Witness ndiye mboni. Surety ndi munthu amene wavomera kulipira ngongoleyo mwiniwake akathawa.

Mawu akuti interest anali ndi kulemera kwina kwa iye. M'Chiurdu ndi sood, ndipo Chisilamu chimaletsa kulandira kapena kupereka chiwongoladzanja, monga abale athu Achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga akudziwa. Iye akaona interest pa fomu ankabweza cholembera. Koma anadabwa kuona kuti ngongole ingalembedwe interest-free n'kukhalabe ndi initiation fee, yotsegulira ngongoleyo, ndi service fee ya mwezi ndi mwezi. Ndinamuphunzitsa funso limodzi limene limadula zonse: "How much will I pay in total?" Ndiye kuti, ndikadzamaliza ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi? Katapila wa m'makwalala ndi kampani ya maofesi owala onse amaopa funso limeneli. Samalaninso ndi debit order, chilolezo choti kampani izidzitengera yokha ndalama mu akaunti yanu mwezi uliwonse. Kusaina n'kwa mphindi imodzi, kuletsa kumatha kukudyerani masabata. Mnyamata uja ndi anzake anali ndi njira yawo yosonkherana ndalama mwezi ndi mwezi, wina n'kutenga zonse mosinthana. Ankaitchula committee. Nditamva kafotokozedwe kake ndinati, ichi ndi chipeleganyu. Eni dziko amati stokvel. Ndinamuchenjeza kuti kwa Mngelezi committee ndi gulu la anthu okhala pa msonkhano, asadzanene kubanki kuti ndalama yachokera ku committee.

Mawu a malipiro ndinamuphunzitsa ndikudziwa kuti tsiku lina adzakhala bwana wa ana a kwathu, ndipo inu muwadziwe bwino kuposa iye. Salary ndi malipiro a pamwezi, tankhwah m'Chiurdu. Wage ndi a pa ola, patsiku kapena pasabata, pafupi ndi mazdoori yawo ndi ganyu wathu. Commission ndi gawo la zimene wagulitsa. Advance, imene iwo amati peshgi, ndi malipiro ako omwe amene wapatsidwa mwezi usanathe, ndipo adzadulidwa. Si mphatso. Pogwirizana ntchito funsani ngati ndalama imene yatchulidwa ndi gross kapena net. Gross ndi asanadule kanthu, net ndi imene ifike m'thumba, ndipo zodulidwazo ndi deductions. Ku South Africa wantchito wolembetsedwa amadulidwa 1 peresenti ya UIF, thumba lothandiza ntchito ikatha, bwana n'kuwonjezerapo 1 peresenti yake. Lamulo la malipiro otsikitsitsa linayamba pa 1 January 2019 pa R20 pa ola, ndipo ndalamayo imakwezedwa chaka ndi chaka. Pemphani payslip, kapepala kosonyeza zonsezi. Mnyamata amene sadziwa kusiyana kwa advance ndi bonus amatha mwezi wonse akuthokoza bwana pa ndalama yake yomwe.

Manambala nawo ali ndi misampha. Anthu a Chiurdu amawerenga ndalama zambiri mu lakh ndi crore. Lakh imodzi ndi 100,000, crore ndi 10 miliyoni, ndipo mpatuliro amauika mwina: lakh imodzi ndi theka amalemba 1,50,000. Ku South Africa mupezanso mapepala a boma ndi a banki olemba R1 500,00, mpatuliro uli pamene ife timaika kadontho. Mnyamata uja ataona koyamba anayesa kuti bilu ya magetsi yafika lakh imodzi ndi theka, thukuta kamukamu. Alinso ndi mawu achidule amene Chingerezi chilibe: dedh ndi chimodzi ndi theka, dhai ndi ziwiri ndi theka, choncho dhai sau ndi 250. Pomasulira mofulumira ankasokoneza. Ndipo tonsefe, Mmalawi ndi Mpakistani, fifteen ndi fifty zimatipita m'khutu mofanana, makamaka pafoni. Mankhwala ake ndi amodzi: nenani kuti "one five or five zero?", kapena mupatseni munthuyo cholembera alembe. Musaiwalenso VAT, msonkho wa pa malonda, umene unakwera kuchoka pa 14 kufika pa 15 peresenti mu April 2018. Pooda katundu wambiri mtengo umatha kulembedwa excl. VAT, ndiye kuti msonkho sunalowe. Pa katundu wa R10 000 imeneyo ndi R1 500 imene simunaiwerengere.

Mapepala a ndalama nawo musawatchule onse kuti lisiti. Quotation ndi mtengo wongokuuzani ntchito isanayambe. Invoice ndi pepala lokuitanitsani ndalama. Receipt, raseed m'Chiurdu, ndiye lisiti yeniyeni, umboni woti mwalipira. Statement ndi ndandanda wa zolowa ndi zotuluka. Proof of payment ndi uthenga wosonyeza kuti munthu watumiza ndalama, ndipo akathyali amaupanga wabodza mosavuta. Ku Joni amati dikira ndalama ichite reflect, ndiye kuti ioneke mu akaunti yako. Foni isachoke pa kauntala chifukwa cha chithunzi cha pa WhatsApp. Potumiza ndalama kumudzi, kaya ndi Mukuru kaya ndi njira ina, funsani zinthu ziwiri padera: transfer fee, yotumizira, ndi exchange rate, mtengo wosinthira randi kupita ku kwacha. Yotumizira ikhoza kuchepa pamene mtengo wosinthira ukukudyani.

Pali ndalama ina imene ilibe pepala. Ku Pakistan amaitchula chai pani, tiyi ndi madzi. Ku Joni amati cold drink. Kwathu mukudziwa, ya fanta, kangachepe. Wina adzaivekanso dzina laulemu, facilitation fee kapena kuti processing fee, ali pakona ya msewu ndi chikwama cha mapepala, akulonjeza chitupa chokhalira m'dziko. Muyeso wake umene ndinamupatsa mnyamata uja ndi womwe ndikukupatsani: fee yeniyeni ili ndi lisiti ya ofesi, yokhala ndi dzina la ofesiyo, tsiku ndi chimene mwalipirira. Wokana kulemba lisiti akukupemphani chiphuphu kapena akukuberani, ndipo chitupa chotuluka m'njira imeneyo chidzakugwiritsani pa chipata cha Beitbridge.

Mwina mudzapezeka mukuphunzitsa mnzanu ngati mmene zinandichitikira. Musayambe ndi buku. Tolani malisiti, mabilu a magetsi, fomu ya lendi, uthenga wa kubanki, muziyale pa kauntala. Muloze mawu amodzi, iye anene m'chinenero chake, inu munene m'Chichewa, kenako muone pamene Chingerezi chagawa chimene inu mwaphatikiza. Musamuseke akalakwa, chifukwa munthu wosekedwa amasiya kufunsa, ndipo wosiya kufunsa ndi amene amasaina. Ine ndinkasewera ngati kasitomala wovuta kapena mwini nyumba wothamangitsa, mnyamata uja n'kumandifunsa mafunso anayi mpaka anakhazikika pa lilime: "What is this payment for?", "Is it refundable?", "Is it once-off or every month?", "Can I have a receipt?" Ndalamayi ndi yachiyani, kodi imabwezedwa, ndi ya kamodzi kapena ya mwezi ndi mwezi, mundipatsa lisiti?

Patapita zaka ziwiri mnyamatayo anapeza malo oti atsegule kashopu kake. Anabwera ndi pangano la lendi la masamba asanu ndi limodzi, atadula mizere ndi pensulo pansi pa mawu atatu: escalation, kukwera kwa lendi chaka chilichonse, penalty, chilango chotuluka nthawi isanakwane, ndi levy, ndalama ya mlonda ndi zinyalala imene mwini nyumba sanaitchule pakamwa. Sanabwere kudzafunsa tanthauzo. Anali atabwerera kale kwa mwini nyumbayo kawiri, ndipo levy ija inali itachepetsedwa n'kulembedwa bwino. Anangofuna kuti chacha aone. Wantchito wake woyamba anali mnyamata wa ku Mangochi, ndipo kumapeto kwa mwezi ankamulembera kapepala ka malipiro.

Choncho adzukulu anga, gulani kope laling'ono lokwana m'thumba la malaya. Mawu alionse a ndalama amene mwakumana nawo, lembani pamodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa. Pepala limene simunalimve litengereni kunyumba mukawerenge ndi munthu wodziwa, ndipo wokukanizani kupita nalo mumusiye ndi pepala lakelo. Musanatulutse ndalama m'thumba, funsani dzina lake, muone kuti dzina lomwelo lalembedwa pa lisiti.